Makina a shock wave ali ndi malire pa dzanzi la zala

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhulepo za makina otchedwa shock wave, omwe mbiri yawo ikuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp ngati mankhwala othetseratu dzanzi la zala. Ife ntchito yathu ndi ya fiziyo, ndipo makinawa sitikuwanyoza ayi. Ali ndi malo awo. Koma malowo ndi ochepa kusiyana ndi momwe otsatsa malonda akunenera, ndipo pali gulu la odwala lomwe likataya miyezi kudikira kuti makina awachize, chala chawo chachikulu chimafookeratu osabwereranso mwakale. Amenewa ndiwo atilembetsa kalatayi.

Matendawa madokotala amawatchula kuti carpal tunnel syndrome. Kumunsi kwa chikhatho, kuyambira pamzere womwe dzanja limapindikira, kuli kangalande kopapatiza. Pansi ndi m'mbali mwake muli timafupa 8 ta pamfundo ya dzanja, ndipo pamwamba pavindikira lamba wolimba wosatamuka. M'katimo mumadutsa zingwe 9 za minofu zomwe zimapinda zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wotchedwa median. Umenewu si mtsempha wa magazi, ndi uja umanyamula uthenga pakati pa zala ndi ubongo. Zokutira za zingwe zija zikatupa ngakhale pang'ono, fupa silisuntha, lamba satamuka, ndiye mtsempha ndiwo umapanikizika poti ndiwo wofewa. Ofufuza anayeza kuthina kwa m'ngalandemo mu 1981. Mwa munthu wabwinobwino kumakhala pansi pa 10 mmHg (muyezo womwewo woyezera BP), mwa wodwala kumafika cha m'ma 30, ndipo wodwalayo akapinda dzanja kumadutsa 90. N'chifukwa chake vutoli limakula usiku: munthu akagona tulo, dzanja limadzipinda lokha, ena mpaka amalitsamira.

Wodwala weniweni wa matendawa sasowa. Amadzidzimuka pakati pa usiku zala zili gwa, zikuyaka kapena kunyerenyesa, n'kuyamba kukutumula dzanja mpaka litatsitsimuka. Kukacha mabatani a yunifolomu ya mwana amamuvuta kumanga, singano imapulumuka, kapu ya tiyi imagwa yokha. Dzanzilo limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala kakang'ono kamatsala kali bwinobwino, chifukwa kamadyetsedwa ndi mtsempha wina, wa ulnar, womwe sudutsa m'ngalande imeneyi. Choncho amene dzanzi lake lili pa kachala kakang'ono adziwe kuti vuto lake lili kwina, mwina pachigongono kapena m'khosi, ndipo kuwombera makina pachikhatho n'kutaya ndalama chabe.

Amayi ndiwo amadwala kwambiri, pafupifupi katatu kuposa abambo. Kukhala ndi pakati, matenda a shuga, chithokomiro chofooka, nyamakazi ya rheumatoid, kunenepa kwambiri ndi fupa la pamfundo ya dzanja lomwe linathyoka n'kulumikizana mokhota, zonsezi zimachepetsa malo m'ngalandemo. Ntchito nayo imathandizira, makamaka yofuna kugwira zolimba mobwerezabwereza kapena ya zida zonjenjemera: kufinya zovala, kuluka tsitsi tsiku lonse, kuphwanya miyala, kugwira grinder, kukhalira pa handulo ya njinga yamoto m'misewu ya mabampu. Kompyuta imanenedwa kwambiri, komatu umboni woti kutaipa pakokha kumayambitsa matendawa ndi wofooka poyerekeza ndi wa ntchito zamphamvuzi.

Kuno kwathu pali chenjezo lina lomwe otsatsa makina satchula n'komwe. Dzanzi la m'manja lili ndi magwero ambiri. Shuga amawononga mitsempha kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba. Kachilombo ka HIV nako kamatero, ndipo ena omwe anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine anatsala ndi dzanzi mpaka lero. Isoniazid, mankhwala a TB, amabweretsa dzanzi ngati munthu sakulandira vitamini B6 pambali pake. Mowa wambiri ndi kuchepa kwa vitamini B12 n'chimodzimodzi. Khate silinatheretu, ndipo limakonda mitsempha ya m'manja yomweyi. Chigamba choyererako pakhungu chomwe sichimva kukhudza chimafuna mankhwala a khate, omwe ndi aulere, osati makina. Dzanzi lomwe lili m'mapazi onse awiri komanso m'manja onse awiri lifufuzidwe kaye ndi kuyeza magazi.

Kuyeza kwake koyamba sikufuna zida. Pali njira ya Phalen: wodwala amapinda manja onse awiri, misana ya manja itagundana, zala zitaloza pansi, kwa masekondi 60. Dzanzi likabwera m'zala zitatu zija, ndi chizindikiro. Pali ya Tinel, pomwe woyeza amagogoda pang'onopang'ono pamwamba pa mtsempha ndipo wodwala amamva kuthetheka kukuthamangira kunsonga za zala. Pali ya Durkan, yodina pangalandepo ndi chala chachikulu kwa masekondi 30. Kenaka woyeza amayang'ana zikhatho zonse ziwiri poyera, kufanizira kaphiri ka mnofu komwe kali patsinde pa chala chachikulu. Komwe kuli zida amayeza liwiro la uthenga mu mtsempha ndi magetsi ochepa, kapena kuunika ndi sikani ya ultrasound. Mtsempha wotupa kufika cha pa 10 mm² kapena kuposa umatsimikizira zomwe manja a woyeza apeza kale.

Tsono makinawo ndi chiyani? Ambiri akamva dzina lake amaganiza kuti munthu amagwidwa ndi magetsi. Ayi, m'thupi simulowa magetsi. Chimalowa ndi funde la mphamvu ya phokoso, kugunda kwadzidzidzi komwe kumadutsa pakhungu n'kukagwedeza minofu ya m'kati. Njirayi inayambira ku Munich m'dziko la Germany mu 1980, pophwanya timiyala ta mu impso popanda kung'amba munthu. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a mafupa anaitengera ku ululu wa chidendene, wa pachigongono ndi wa paphewa, atachepetsa mphamvu yake kwambiri. Ku America inavomerezedwa pa ululu wa chidendene mu 2000. Pa dzanzi la zala yabwera mochedwa, ndipo kafukufuku wake wambiri ndi wa zaka za pambuyo pa 2010.

Makinawa alipo a mitundu iwiri, ndipo wodwala ali ndi ufulu wodziwa omwe akumuika. A focused amasonkhanitsa mphamvu pa kadontho kamodzi m'kati mwa thupi, ndipo mlingo wake amauwerenga mu mJ/mm². Pa mtsempha amagwiritsa ntchito mlingo wotsika kapena wapakati, osafika wophwanyira miyala. A radial ndiwo otsikirako mtengo ndipo ndiwo amapezeka m'makiliniki ambiri a fiziyo. M'kati mwa chogwirira chake muli kachitsulo komwe mpweya wa kompuresa umakakankha mwaliwiro n'kukamenya mutu wachitsulo womwe wakhudza khungu. Mphamvu yake imamwazika ndipo imazilala ikalowa masentimita ngati 3, koma pa dzanja sivuto, poti mtsempha wa median uli pafupi ndi khungu. Mlingo wake amauwerenga mu bar, muyezo wa mphamvu yomwe mpweyawo ukukankhira. Timfuti tosisitira thupi togulitsidwa pa intaneti, tija timachajidwa ngati foni, sitili m'gulu lililonse mwa awiriwa. Timangonjenjemeretsa khungu, ndipo kunjenjemera ndiko kumodzi mwa zomwe zimakulitsa matendawa.

Chithandizo chikamachitika bwino chimaoneka chonchi. Wodwala amakhala pampando, mkono uli patebulo, chikhatho chitayang'ana kumwamba, kathaulo kopindika kali pansi pa mfundo ya dzanja. Wopereka chithandizo amafufuza ndi chala timafupa tiwiri totumphuka kumunsi kwa chikhatho, kena kumbali ya chala chachikulu, kena kumbali ya kachala kakang'ono. Ngalande ili pakati pa tiwiriti. Amene ali ndi ultrasound amauona mtsemphawo n'kuika chizindikiro ndi cholembera. Amapaka jelo wokwanira, n'kuimika mutu wa makina, nthawi zambiri wa mamilimita 15, molunjika pakhungu. Amayambira pansi, cha pa 1.5 bar, n'kumakweza pang'onopang'ono akufunsa wodwala momwe akumvera, uku akuyendetsa mutuwo mwapang'onopang'ono m'litali mwa ngalande. Ofufuza a ku Taiwan mu 2016 anagwiritsa ntchito kugunda ka 2,000 pa 4 bar, ka 5 pa sekondi iliyonse, kamodzi pa sabata kwa masabata 3. Mukawerengetsa, kugunda ka 2,000 pa liwiro limenelo kumatha m'masekondi 400, osakwana mphindi 7. Ofufuza ena anatsitsa mlingo, kugunda ka 1,000 kapena 1,500 pa bar zochepa. Mlingo umodzi womwe onse agwirizana palibe, koma kafukufuku wambiri amazungulira pa maulendo 3 kapena 4. Wina akakuuzani kuti mulipire maulendo 15 kapena 20 nthawi imodzi, mufunseni kuti chiwerengerocho wachitenga kuti.

Kumva kuwawa pang'ono n'koyembekezeka, koma kuwawa kopirika. Jakisoni wopha ululu sabayidwa, chifukwa mawu a wodwala ndiwo amauza wogwira makina kuti apa pachuluka. Akamaliza, khungu limafiira, nthawi zina pamatupa kapena kuoneka timadontho ta magazi pansi pa khungu, ndipo zimatha m'masiku ochepa. Kwa masiku 2 dzanjalo lisanyamule ndowa kapena kufinya mabulangete. Ululu ukavuta panado akwanira; ambiri opereka chithandizochi amalangiza kupewa brufen ndi diclofenac m'masiku amenewo, poganiza kuti amazimitsa kutupa pang'ono komwe makina akufuna kudzutsa kuti thupi lidzikonze.

Zolakwika zambiri zimachokera pa zinthu zazing'ono. Jelo akachepa, pakati pa chitsulo ndi khungu pamatsala mpweya, ndipo funde silidutsa mu mpweya. Makina amalira ndithu, wodwala amalipira, koma mphamvu yathera panja. Mutu wa makina ukapendekeka umagunda pa timafupa tija, ululu umakhala woopsa ndipo wodwala sabweranso. Kuimika mutu malo amodzi pamwamba pa mtsempha ndi mphamvu yaikulu kuyambira pachiyambi kumatha kuwonjezera dzanzi kwa masiku angapo. Kubwereza tsiku ndi tsiku m'malo mwa kamodzi pa sabata sikufulumizitsa kuchira, kumangotupitsa malo omwe ndi othina kale. Ndiye pali nkhani ya makina okalamba. Kachitsulo ka m'kati ndi paipi yomwe kamayendamo zimaperepeseka, ndipo opanga amati zisinthidwe zikagunda ka miliyoni imodzi kapena awiri malinga ndi mtundu wa makina. Zida zosinthirazo zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Zikapanda kusinthidwa, pagalasi pamalembabe 3 bar pomwe chofika m'dzanja n'chochepa.

Nanga amathandizadi? Kafukufuku wa ku Taiwan uja anapeza kuti odwala omwe analandira shock wave pamodzi ndi sipulinti ya usiku (chomangira cholimba choletsa dzanja kupindika) anapezako bwino kuposa omwe anavala sipulinti n'kuikidwa makina onamizira, ndipo anawatsata kwa miyezi pafupifupi 3. Ku South Korea mu 2013 ndi ku Thailand mu 2018 anayerekeza makinawa ndi jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo makina sanatsalire m'mbuyo pochepetsa zizindikiro. Zimenezi n'zolimbikitsa. Koma tiyenera kuwerenga ndi mizere ya m'munsi. Kafukufuku aliyense mwa amenewa anali ndi odwala makumi ochepa chabe, anawatsata kwa miyezi yowerengeka, ndipo anasankha anthu omwe matenda awo anali aang'ono kapena apakatikati. Amene mnofu wa chala chachikulu unali utaphwa kale sankalowetsedwa m'kafukufukuyo. Za momwe makinawa amagwirira ntchito, zomwe zimanenedwa n'zoti amachepetsa kutupa, amadzutsa timitsempha tatsopano ta magazi ndipo amagonetsa timinyewa tonyamula ululu, koma zambiri mwa izi zinaonedwa pa makoswe a mu labotale. Chomwe tingatsimikize n'chakuti funde silidula lamba uja ndipo silikuza ngalande. Zili ngati paipi ya madzi yomwe yapsinjidwa ndi mwala: mutha kuisisita madzi n'kuyendako pang'ono, koma mwala ukadali pomwepo.

Pali anthu omwe sayenera kuikidwa makinawa n'komwe. Amene akumwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, ndi amene magazi awo sachedwa kutuluka osaleka. Amene ali ndi chotupa kapena bala la mafinya padzanjapo. Ana omwe mafupa awo akukulabe. Amene wabayidwa steroid pamalo omwewo m'masabata 6 apitawo adikire kaye. Amayi oyembekezera nawo asavutike nazo: dzanzi la pakati limabwera chifukwa cha madzi ochuluka m'thupi ndipo kwa ambiri limatha lokha akachira, ndiye sipulinti ya usiku ndiyo yoyenera. Wokhala ndi kabatire ka mtima anene msanga asanakhale pampando.

Sipulinti yomwe tikuitchulatchulayi ndiyo iyenera kuyamba, ndipo ndi yomwe anthu amailakwitsa kwambiri. Cholinga chake n'chakuti dzanja ligone lowongoka, osapindikira kutsogolo kapena kumbuyo, chifukwa pamenepo mpomwe ngalande imakhala yotakasuka kwambiri. Masipulinti ambiri a m'mafamase amabwera ndi kachitsulo kopindika komwe kamakwezera dzanja m'mbuyo ndi madigiri 20 kapena 30. Kamapangidwira kuvulala kwina. Kachitsuloko kamasololoka, katulutseni, mukawongole pamphepete pa tebulo mpaka dzanja ndi mkono zikhale pamzere umodzi, mukabwezeremo. Zomangira zake zisathine. Chala chimodzi chizitha kulowa pansi pake. Ivalidwe usiku uliwonse kwa masabata 6 musanagamule kuti yakanika. Masana ivulidwe, kupatula pa ntchito yomwe imadzutsa dzanzi, kuti mfundo isaume. Pambali pake shuga atsike, chithokomiro chiyezedwe ngati pali zizindikiro, zogwirira za zida zikulungidwe ndi mphira kuti zinenepe, ndipo wogwira chida chonjenjemera azipumitsa manja pafupipafupi. Kumanga dzanja ndi bandeji yothina kapena ndi mphira wa njinga kumawonjezera kuthina komwe tikulimbana nako. Kutema mphini pachikhatho nako kuli ndi ngozi yake, poti mtsempha uli pafupi ndipo chipsera chikalowa m'kati chimachepetsanso malo.

Sipulinti ikapanda kukwanira, pamenepo mpomwe shock wave ingayesedwe, moyandikana ndi jakisoni wa steroid, wodwala atauzidwa zoona za njira ziwirizi. Jakisoni, kawirikawiri methylprednisolone wa 40 mg, amathandiza msanga, m'masiku ochepa, koma kwa ambiri dzanzi limabwerera chaka chisanathe, ndipo wobaya wosadziwa atha kulasa mtsempha weniweniwo. Shock wave siboola khungu, sikweza shuga monga steroid amachitira kwa masiku angapo, koma imachedwa kuonetsa zotsatira ndipo imafuna maulendo angapo ndi ndalama za thiransipoti. Kuti muone ngati ikugwira, musadalire kukumbukira. Pali mndandanda wa mafunso oyezera matendawa wotchedwa Boston, 11 a zizindikiro ndi 8 a ntchito za manja, lililonse loyankhidwa kuyambira 1 mpaka 5. Ayankhidwe chithandizo chisanayambe, abwerezedwe pakatha masabata 4 ndiponso 12. Kunyumba wodwala atha kumalemba pakalendala usiku uliwonse womwe dzanzi lamudzutsa. Pakatha miyezi 3 manambala osatsika, njirayo yakanika, ndipo kugula maulendo ena sikusintha kanthu.

Tifike tsono kwa gulu lomwe tinalitchula poyamba. Dzanzi likasiya kubwera n'kupita, likangokhala usana ndi usiku; kaphiri ka mnofu wa patsinde pa chala chachikulu kakaphwa n'kusiya chibowo poyerekeza ndi dzanja linalo; chala chachikulu chikamakanika kudzuka kuloza kudenga chikhatho chili chagada; munthu akamatola ndalama yachitsulo osaimva m'zala, ndiye kuti mtsempha wayamba kufa. Chodabwitsa n'chakuti pofika apa ululu wa usiku umatha kuchepa, ndipo wodwala amaganiza kuti akuchira, mwina n'kumayamika makina. Apa chofunika ndi opareshoni yodula lamba uja kuti ngalande itseguke. Ndi opareshoni yaing'ono. Munthu sagonekedwa tulo, amangobayidwa padzanja pokha, amacheka masentimita 2 kapena 3 kumunsi kwa chikhatho, ndipo m'mphindi ngati 20 zatha, tsiku lomwelo ali kunyumba. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Kudzuka usiku kumatha msanga kwa ambiri, koma mphamvu yogwirira ndi kuwawa kwa m'mbali mwa chipsera zimatenga masabata kapena miyezi. Mtsempha wowonongeka umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo mnofu womwe wakhala nthawi yaitali wopanda uthenga subwerera wonse ngakhale dotolo atadula bwino chotani. Mwezi uliwonse womwe munthu wotere akuthera pa makina ukuchotsedwa pa mwayi wake.

Khomo lolowera ndi chipatala cha boma la kwanuko, komwe ma clinical officer a mafupa angayeze n'kulemba kalata yotumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Amene wasankha kupita kolipira afunse mafunso awa asanatulutse ndalama: kodi wogwira makinayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, wamuyeza ndi njira ziti kuti atsimikize kuti vuto lili m'ngalande ya dzanja, makinawo ndi a radial kapena a focused, mlingo wake ndi wotani, maulendo ndi angati, ndipo zikakanika amutumiza kwa ndani. Mayankhowo alembedwe m'buku lake la kuchipatala, kuti dotolo wotsatira adziwe zomwe dzanjalo lalandira kale ndi tsiku lomwe linalandira.

Ife anu,
Ogwira ntchito ya fiziyo,
Blantyre